Chimanga Chodzukira Alendo

Zimene ndinataya kunyanja ndi izi: chimanga chonse cha kumaso kwa nyumba, theka la thumba la feteleza, ulemu wa ana a Sitandade 7, ndi dzina limene bambo anga anandipatsa, pakuti kuyambira chaka chimenecho anthu amanditchula kuti Che Yuriya. Chaka chotsatira ndinataya mkazi wanga Mariamu, ndi mwana amene tinali tisanamutche dzina. Za iwowa sindinena zambiri. Ndinena za chimanga, chifukwa ndi nkhani imene Mariamu ankakonda kuuza alendo, ndipo ankaikamba bwino kuposa ine.

Nditangotuluka ku koleji ya aphunzitsi ananditumiza pa sukulu ina ya m'mbali mwa msewu wopita ku Nkhudzi. Kwathu ndi ku Ntchisi, kwa katondo, kumene feteleza ukamuthira amakhala pomwepo kudikira chimanga. Kunyanja ndinapeza mchenga. Nyumba ya sukulu inali ndi timinda tiwiri, kena kumaso, kena kuseri, ndipo titakwatirana tinagawana. Kumaso kunali kwanga: chimanga cha haibulidi, mizere yowongoka ndi chingwe (ndinkaphunzitsa Ulimi, musaiwale zimenezi). Kuseri kunali kwa Mariamu: chimanga chamakolo, chija cholimba, chosafumbwa msanga, chokonoleka bwino mumtondo. Mbewu yake anabwera nayo mu mpango kuchokera kwa mayi ake ku Chowe. Mayiwo anali atatisiya, choncho mbewu imeneyi inali yokhayo.

Mu Disembala mvula inagwa ngati yotumidwa, n'kukokolola feteleza wokulitsa yense amene ndinathira. Mu Januwale inadula. Chimanga changa chinali chofika m'mawondo, chachikasu kuyambira masamba am'munsi. Cha Mariamu, chimene ankangotayirako zitosi za nkhuku ndi zosesa za pabwalo, chinali chobiriwirako. Ine ndinkayesetsa kusadutsa kuseri.

Tsiku lina kunabwera Che Bwanali pa njinga. Iwowa ankagulitsa nsomba zouma, komanso ndiwo anali tcheyamani wa nthambi ya chipani.

“Aphunzitsi, Lachisanu kukubwera bwana wa zaulimi kuchokera ku boma, kudzayendera minda ya m'mbali mwa msewu. Ndanena kale kuti adzaime panu pano. Munthu wa ku koleji!” Kenako anatembenukira kumunda. “Kodi chadwala malungo?”

“Chikungosowa chakudya pang'ono, atcheya.”

“Chidyetseni. Munda wonyansa pamsewu ndi mwano.”

Masiku amenewo mawu akuti mwano sankanenedwa moseka.

M'nyumba munali thumba la feteleza wobereketsa watsopano, wa yuriya, amene anali atangofika kumene. Kwathu tinazolowera salifeti, ndipo kakapu koyezera ka bambo anga ndinali nako. Kuti yuriya ndi wamphamvu pafupifupi kawiri kuposa salifeti ndinkadziwa. Kuti amathiridwa dothi lili lonyowa, m'kadzenje kotalikirako ndi phesi, n'kukwirira, ndinkadziwanso. Ndinali nditalemba ndekha pa bolodi, ana n'kukopera. Koma ndinadziuza kuti wanjala yaikulu sapatsidwa mtanda wa mwana. Ndinadzaza kakapu mpaka kusefukira, phando lililonse, patsinde penipeni, osakwirira, dzuwa lili paliwombo.

Mariamu anali pakhonde akusankha mpunga.

“Aphunzitsi,” anatero (ankanditchula choncho akafuna kundiseka), “za feteleza ine sindizidziwa. Koma munthu waludzu mumamupatsa mchere?”

“Imeneyi ndi sayansi, amayi.”

“Chabwino. Sayansiyo ikamva ludzu, ndowa ili kukhitchini.”

Mawa lake kumaso kwa nyumba kunkanunkha ngati kuseri kwa chimbudzi cha anyamata. Masamba anali atapindika ngati a anyezi, m'mphepete mwake mutapsa. Ndinatenga ndowa ija mwakachetechete. Mariamu anangotenga inzake n'kunditsatira ku mjigo. Madzi amene tinatha kutunga anakwana kapu imodzi pa phando. (Tikanathira ambiri, mwina akanatsuka fetelezayo. Tikanapanda kuthira, mwina akanangouluka ndi dzuwa. Ine ndinapeza muyeso weniweni womusungunulira pa mizu.) Pofika Lachinayi mundawo unkaoneka ngati mwadutsa moto wa osaka mbewa.

Madzulo ake ndinapita kuseri, kumene ndinkakupewa kuja. Ndinaima nthawi yaitali. Mariamu anandipeza pomwepo.

“Mukuyang'ana chimanga changa ngati fisi pa khola.”

“Amayi, phwetekere timawokera. Fodya timawokera.”

“Chimanga chofika m'chiuno?”

“Kwa tsiku limodzi lokha. Bwana akadutsa basi.”

“Ndiye chikatha tsiku limodzilo chidzabwerera chokha?”

Tonse tinkadziwa kuti sichidzabwerera, ndipo tinkadziwa kuti ndi mbewu ya ndani. Anayang'ana mundawo, anandiyang'ana ine, n'kukonza mpango wake.

“Zulani. Koma mizere iwiri ya kumpanda musaikhudze, ngakhale abwere ndani.”

Lachisanu tinalawirira dzuwa lisanatuluke. Ine ndinkazula chopsereracho n'kukachibisa kuseri kwa bafa. Iye ankakumba chake ndi khasu n'kundibweretsera m'manja ngati ana. Tinkafuna kuti chibwere ndi dothi lake, koma mchenga sugwira mizu. Tinangochiimika, n'kupondaponda, n'kuwaza madzi. Ndinene zoona: dzuwa litatuluka, munda umene uja unali wokongola kuposa wina uliwonse kuchokera pamenepo mpaka ku boma. Ndinayamba kunyada. Mariamu anaona, n'kuseka mpaka kukhala pansi.

Galimoto ya boma inafika dzuwa lisanakwere kwambiri. Amayi a m'mudzi anali atavala nsalu za chipani akuimba, ana anga a sukulu ali pa mzere. Bwanayo anali wamtali, wa tayi, wosalankhulalankhula. Che Bwanali ankayenda patsogolo pake ngati mundawo ndi wawo.

“Onani, bwana! Haibulidi weniweni! Dzulo lomweli chinali chodwala, aphunzitsi achichiritsa usiku umodzi. Koleji si masewera!”

Bwana anayang'ana masamba. Anakoka mpweya m'mphuno, kawiri. Kenako anawerama n'kugwira phesi limodzi kuti aone kunenepa kwake, ndipo pamene ankaweramuka, chimangacho chinaweramuka naye. Chinatuluka chonse, mizu ili lende, mchenga ukuyoyokera pa nsapato zake.

Nyimbo inaduka pakati. Che Bwanali anayamba kuyang'ana kunyanja ngati aona bwato lachilendo. Ine ndinadziona ndili m'sitima ndi katundu wanga, atandisamutsira kutali ku Makanjira, ndipo kumeneko kunali kuganiza zabwino. Ena ankapita kosatchulika pa zifukwa zochepa kuposa zimenezi.

Mariamu anali atagwada pambali ndi kapu ya madzi a mlendo. Anati, mawu ake ali zii ngati akupereka moni:

“Pepani, bwana. Chimanga cha kwathu ku Chowe n'chaulemu. Akabwera akuluakulu chimadzuka.”

Mayi wina kumbuyo analephera kupirira, n'kuphulika nako kuseka. Kenako onse. Bwana sanaseke, koma mlomo wake unagwedera. Anabwezera chimanga chija m'dzenje lake bwinobwino, anapondapo ndi nsapato, analandira madzi n'kumwa. Podutsa pafupi nane ananena motsitsa, kuti ndimve ndekha: “Aphunzitsi, yuriya amadikira mvula.” Anakwera galimoto. Sindinamvenso za nkhaniyo kuchokera ku boma, koma kuchokera kwa ana a Sitandade 7 ndinaimva mpaka anamaliza sukulu.

Pofika masana chimanga chaulemu chija chinali chitagwada chonse. Mvula inagwa Lamulungu.

Chaka chimenecho tinadya chinangwa cha abale a Mariamu. Mizere iwiri ya kumpanda inatipatsa dengu limodzi, ndipo iye anasankha zisononkho zazikulu n'kuzimangirira kudenga la khitchini, pa utsi. Sanandikumbutsepo kuti anataya munda wake chifukwa cha ine. Ankangoti alendo akabwera, amadzuka, n'kutenga tsache, n'kuwerama nalo ngati bwana uja, n'kuweramuka nalo pang'onopang'ono, nkhope ili duu. Ine ndinkathawira kukhitchini kukaona ngati madzi awira.

Mvula yotsatira tinabzala mbewu yake kuseri ndi kumaso komwe. Ndinali nditaphunzira: pa mchenga feteleza ndi pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu, m'kadzenje, n'kukwirira. Ndinali nditaphunzira, koma Januwale atafika mvula inadulanso, masamba am'munsi anayamba chikasu, ndipo m'mawa wina Mariamu anandipeza nditaima pafupi ndi thumba, kakapu ka bambo kali m'manja. Ndinati ndikungokapukuta fumbi.

Mariamu anali ndi pakati, ndipo tsiku lomwelo matenda ake anayamba, nthawi isanakwane. Azakhali ake anati amuna atsale, ndibwere ku chipatala mawa lake ndi zovala. Ndinapita mawa lake ndi zovalazo. Ndinabwerera nazo.

Mbewu ija ndidakali nayo. Ndimaibzala chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse chikachita chikasu dzanja limandiyabwa. Sindinganene kuti ndinachenjera. Ndimangomvera zimene Mariamu anandiuza tsiku lomaliza lija. Anali atamukweza kale pa lole ya nsomba yopita ku boma, atamugoneka pa mphasa, azakhali atamugwira mutu. Lole itayamba kuyenda anadzutsa khosi, n'kundiloza ndi chala:

“Aphunzitsi! Thumba lija musalikhudze mpaka mvula igwe. Ndikabwera ndidzanunkhiza.”