Tsiku Limene Ndinayendetsa Sitima Yopuma Ntchito

Nkhani iyi akazi anga anandiletsa kuikamba pagulu, koma poti lero apita kokolola nyemba, sendezani mpando.

Zaka zimenezo, khadi la chipani lisakuchoka m'thumba, ndinkagwira ntchito pa siteshoni ina kumunsi kwa mapiri a Dedza. Pamenepo panali mutu wa sitima wa dizilo, umene pa unyamata wake unkakoka mabogi a anthu liwiro la mtondo wadooka. Utakalamba anauimika pa kanjanji kapambali kuti usungidwe, a m'tsogolo adzauone. Ntchito yanga inali kuupukuta, kuupaka girisi ndi kuingitsa nkhuku zofuna kuikiramo. Basi.

Koma kwathu ku Lobi, kumene ndinkafunsira Felesiya, nkhani inafika itanenepa (woidyetsa ndinali ine ndemwe). Kumeneko ndinali dalaivala.

Loweruka lina m'mawa ndinangoona a Lufeyo, atsibweni ake a Felesiya, atulukira atavala jekete, Felesiya ali pambuyo. Ukwati wanga unkadikira mawu a bambo amenewa.

"Mkamwini," anatero, ngakhale ukamwiniwo ndinali ndisanaulawe, "tatsika phiri lonseli kudzaona sitima yanu ija. Tiyendetseni."

Wanzeru akanaulula pomwepo. Ine ndinati, "Kwerani, bambo."

Ndinkaganiza zowaonetsa mawotchi, kugwiragwira zitsulo, kenako n'kunena kuti mafuta atha. Ndinayamba bwino ndithu. "Ichi n'cha liwiro. Ichi n'cha hutala." Kenako maso anagwa pa chigudumu china chimene ndinkachipaka girisi Lolemba lililonse osadziwa ntchito yake. Ndinachipotokola monyadira, ngati munthu wozolowera.

Abale, inali buleki.

Chimutu chija chinabuula, ndipo mtengo wa mango umene unali pawindo unayamba kubwerera m'mbuyo. Kanjanjiko kanali kotsetsereka (zaka zitatu ndili pamenepo, ndinadziwa tsiku limenelo).

"Yanyamuka!" anakuwa a Lufeyo, chipewa chili m'mwamba. "Ndipo siikusokosa ayi!"

"Za dizilo zimatero," ndinayankha, thukuta lili kamukamu, ndikupotokola chigudumu chija uku ndi uku.

Felesiya anaimba nthungululu. Amayi ogulitsa nzimbe anabalalika. Abwana a pa siteshoni anatuluka mu ofesi kapu ya tiyi ili m'manja n'kuyamba kutithamangira, ndipo chochititsa manyazi n'chakuti anatipitirira.

"Onjezani moto, mkamwini! Akutiposa uyo!"

Kumapeto kwa kanjanjiko kunali mulu wa mchenga. Tinalowamo, khu! A Lufeyo anagwera pa ine, ine n'kukhala m'ndowa ya girisi.

"Wakuloleza ndani?" anafunsa abwana ali wefuwefu.

"Musamukalipire, bwana," anatero a Lufeyo akusasa jekete. "Ndaona ndi maso angawa, mwanayu ntchito amaidziwa. Waimika osagwira kanthu!"

Panafunika amuna onse a pamsika ndi ng'ombe zinayi kuti chimutucho chibwerere pamalo pake. Ntchito inandithera Lolemba. Koma ukwati unachitika mvula isanagwe, pakuti a Lufeyo anauza Lobi yense kuti tinatsala pang'ono kufika ku Salima, ndipo wotsutsa ankamufunsa ngati analipo.

Ndinalumbira kuti chinthu chosachidziwa sindidzachigwiranso. Lumbirolo ndalisunga bwino zaka zonsezi. Kungoti mwana wanga wabwera ndi galimoto yatsopano, waisiya pabwalopa yosakhoma, ndipo pafupi ndi chiwongolero pali kabatani kofiira kamene kakundiyang'ana chiyambire m'mawa.