Ndinathira Madzi Nyimbo ya Mdzukulu Wanga

Pali njira yachidule yopita kumsika wa ku Chiromo, yodzera kumlatho wakale wa njanji, koma ine masiku ano ndimazungulira. Miyendo ikadali bwino. Chavuta ndi nkhope.

Ndikuuzeni kaye kuti ine sindikhulupirira munthu. Pogula nsomba ndimanunkhiza iliyonse payokha, ndipo mankhwala a kuchipatala ndimayamba ndamwetsako nkhuku. (Ziwiri zinafa, koma imeneyo ndi nkhani ina.) Ndi khalidwe lomweli ndalera mdzukulu wanga Rozina kuyambira pamene mayi ake anatisiya, ndiye musandiweruze msanga.

Chaka chimene Rozina analemba mayeso a Folomu 4 ndinayamba kuona zachilendo. Tsiku lina m'mawa ndinamupeza pagalasi atatuzula maso, lilime lili panja mpaka pachibwano. Atandiona anabweza lilime lija n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, ayavu?" ngati palibe chachitika. (Amandiitana choncho, mwa Chisena cha kwa bambo ake.)

Ndinangoyankha moni. Ine ndikaona chinthu sindifunsa, chifukwa wofunsa amapatsidwa bodza. Ndimazonda.

Sabata yotsatira anayamba manja. Ali mkati motsuka mbale ankangoimika dzanja m'mwamba, zala n'kumanjenjemera ngati tsamba la bango. Kenaka anatulukira ndi mizere yamakala pachibwano. Kwathu kuno munthu akatuzula maso, manja n'kumanjenjemera, palibe amene amafunsa kawiri: amenewo ndi malombo, mizimu yamugwira. Azakhali anga anayamba chomwecho, ndipo anawaimbira ng'oma masiku atatu.

Kunena chilungamo, mwanayo anayesa kundiuza. Anabwera ndi foni m'manja.

"Ayavu, taonani anthu awa. Ndi Amaori, a kuzilumba za ku Nyuzilandi. Amaimba hipu hopu m'chilankhulo chawo, n'kuikamo gule wa makolo awo. Ndiye ifenso tikufuna..."

"Chotsa! Zimenezo n'zimene zimalowera m'maso."

Sindinayang'ane n'komwe.

Chomaliza chinali valimba ya malemu amuna anga, ija ya mitengo yogogoda ndi zikho kunsi, imene yakhala zaka zonsezi m'chipinda chosungira mapira. Lachisanu ndinapeza palibe. Pamenepo ndinati zatheka, mizimu yaitanitsa ndi choimbira chomwe.

Ndinathamangira kutchalitchi kukapempha madzi odalitsa. Ansembe anandipatsa kabotolo kotalika ngati chala. Ndinakayang'ana, n'kuwayang'ana iwo. Kameneka kachotse mizimu yochokera kutsidya kwa nyanja? Nditafika kunyumba ndinakakhuthulira mundowa yaikulu ya madzi a pamjigo, athu amchere aja, kuti dalitso lichuluke. Ndinamanganso ufa wa mapira pansonga ya chitenje, wansembe, monga ankachitira amayi anga. (Ndine mkhristu, inde, koma njira imodzi sindiikhulupirira.)

Loweruka masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, Rozina anatuluka. Ndinamutsatira chapatali, ndowa pamutu ngati wochokera kumjigo.

Kumlathoko ndinapeza achinyamata asanu ndi mmodzi ali pamzere, Rozina patsogolo. Zuze, mnyamata wa a Domingo oyandikana nafe, anali pa valimba ya amuna anga, pambali pake sipika yaikulu ikugunda du! du! du! Onse akuponda pansi kamodzin'kamodzi, kudzimenya m'ntchafu ndi pachifuwa, malilime panja. Rozina akulakatula mawu mothamanga, Chisena ndi Chimang'anja chosakaniza, osapumira. Bambo wina wachipewa anali atagwada patsogolo pawo ndi kamera. Ndinati ameneyu ndiye sing'anga wawo, wamakono.

Mmene ndinathamangira ndi ndowa ija sindikudziwa. Ndinangomva pakamwa panga pakufuula, "Tuluka! Musiye mwana wamasiye!" ndowa yonse khuthu! Theka linagwera Rozina. Theka linalo linapeza sipika ndi kamera. Sipika inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Ine osaima: ndinamasula chitenje chapamwamba, kumuwaza mwanayo ufa, kumuphimba kumutu, uku ndikupemphera mokweza kuti ndi kutsidya kwa Shire amve.

Mkati mwa chitenjemo munatuluka mawu ozizira.

"Ayavu, ndivundukuleni."

Ufa ndi madzi zinali zitapanga phala pankhope pake. Sankanjenjemera. Amene ankanjenjemera anali wakamera uja, akupukuta chida chake ndi malaya.

"Mayi, ndanyamuka ku Blantyre mbandakucha chifukwa cha ana awa," anatero. "Mpikisano wa nyimbo ukutseka Lolemba. Tinangotsala ndi ndime imodzi."

Zuze anapendeketsa valimba kuti madzi atuluke m'zikho. "Agogo, iyi muidalitsanso, kapena akwana amene adontheramowa?"

Anthu amene ankadikira bwato lowolokera Shire anali atatizungulira kale. Mayi wina wogulitsa mbatata anafuula, "Kwatsala asanu, amayi, pitani mukatungenso!" Kuseka kwake mpaka wina anakhala pansi.

Rozina yekha sanaseke.

"Miyezi itatu tikuphunzira, ayavu. Ndinakubweretserani foni kuti muone. Munati chotsa."

Anagwirizana ndi mnzake kunyamula sipika yakufayo n'kumapita. Ine ndinatola ndowa yanga, ndipo panalibe woti n'kumutsanzika.

Kamera sinadzuke tsiku limenelo ngakhale mawa lake. Ndime yotsala ija sinajambulidwe, Lolemba linadutsa. Rozina anakakhala kwa azakhali ake ku Bangula milungu isanu ndi umodzi. M'kati mwa milungu imeneyo ndinadzichepetsa, n'kupempha Zuze kuti andionetse Amaori aja. Ndinaonera katatu. Anyamata awo amalakatuladi mothamanga ngati Rozina, ng'oma ikugunda, ndipo kumbuyo kwawo kunali mayi wamsinkhu wanga, mizere pachibwano, akuvina pamodzi ndi adzukulu ake. Ndinamuyang'anitsitsa m'manja. Analibe ndowa.

Rozina anabwerako, ndipo timalankhulana bwinobwino. Dzana anandiuza kuti wakamera wavomera kubweranso.

"Tijambula Lamlungu likubwerali, pamlatho pomwe paja. Mukaweruka kutchalitchi mubwere mudzaonere, ayavu."

Ananena akundiyang'ana m'maso. Koma ine ndi ine. Ndaona kuti zovala zoimbira wachapa kale, makala wapera kale, ndipo ndinamva Zuze kuseri kwa mpanda akuuza amayi ake kuti Lachisanu sapita kudimba, ali ndi ulendo wa ku Bangula. Ndiye kuti akajambula Lachisanu konko, ine kulibe.

Ndinayankha kuti, "Chabwino mwananga, Lamlungu."

Lachisanu ndikhala pakhonde n'kumasankha nyemba, nsana kumsewu, mpaka Rozina adutse. Kukhulupirira munthu sindinaphunzirebe. Chimene ndayamba kuphunzira ndi kunamizira kuti ndakhulupirira, ndipo n'chowawa kuposa mmene ndinkaganizira.