Jenereta yosunga Sabata

Anzanga, mpaka lero ndikamva mawu akuti Chiheberi mtima umandiwawa, ndipo amene ndimamukwiyira kwambiri ndi mwini pakamwa pangapa.

Inali nthawi ya recession ija, anthu akuchotsedwa ntchito Lachisanu lililonse. Pakampani yathu yokonza majenereta ku Swords, kuno kutsidya kwa nyanja, tinatsala bwana, mzungu wa konkuno, Ba Tembo makaniko wa ku Zambia, ndi ine wonyamula zitsulo, ndiye mukuganiza wotsatira kupita akanakhala ndani?

Tsiku lina bwana anabwera ndi zithunzi za majenereta awiri akale otchipa a ku Israel, koma timapepala tonena mmene alili tinali m'Chiheberi. Ine poti ndinanunkhizako Chiheberi ku seminale asanandithamangitse, ndinadziguguda pachifuwa kuti ndimasulira m'Chingerezi. Ndani angachotse ntchito munthu wodziwa Chiheberi?

Yoyamba analemba kuti "takin". Mawuwa ndinali ndisanawaonepo chibadwire, koma kodi ndikanavomera? Ndinati, "Iyi ndi taken, bwana, ena atenga kale." Yachiwiri analemba kuti "mushbat", ndipo apa ndinamwetulira, poti mkati mwa mawuwo ndinaonamo Shabat, Sabata lenileni, tsiku lopuma!

"Gulani iyi," ndinatero. "Yapumula mokwanira, sinatope."

Ba Tembo anandinong'oneza kuti, "Ba Banda, muli sure? Kwathu tikati munthu apumula, timayamba kusakila coffin." Ndinawauza kuti asamale za masipanala awo.

Chinthucho chinafika Loweruka, kasitomala wofuna kuchigula ali pomwepo kudikira. Tinachiliza, zii. Tinayesanso, chinatsokomola kamodzi n'kulavulira mafuta akuda pansapato za bwana. M'malo motseka pakamwa, ine chitsiru ndinati, "Lero ndi Loweruka, bwana, mwina tiyese Lolemba."

Lolemba bwana anaimbira wogulitsa majeneretawo ku Israel, foni ili pa sipika kuti tonse timve. Bamboyo anaseka mpaka kutsamwa. Akuti "takin" ndiye kuti ili bwinobwino, ikugwira ntchito, pomwe "mushbat" ndi yoimitsidwa, yakufa, yongochotsako zitsulo. Yabwino ija anali atagulitsadi tsopano.

Ndinapsa mtima zedi. Anthu amatenga bwanji mawu oyera ngati amenewo n'kumata pachiphakasa? Nanga bambo mfumu aja ku seminale, chaka chonse kutiphunzitsa za ngamila ndi nkhosa, osatchulako jenereta olo kamodzi! Ba Tembo nawo, m'malo mondimvera chisoni, anabisala kuseri kwa jeneretayo mapewa akugwedezeka.

Bwana anadula foni, nayang'ana nsapato zake, kenako ine.

"Banda, pita kunyumba. Kuyambira lero ndiwe mushbat."

Mawu amenewo ndinawamasulira molondola pompo, wopanda wondithandiza.

Ndiye ndalumbira, olo mngelo atanditsikira pa basi ya ku Ballymun n'kundipatsa moni m'Chiheberi, ndidzangoyang'ana pawindo. Pakadali pano ndikusunga Sabata, kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu.