Chitseko cha a Zingati

Anthu odutsa m'njira yopita ku Masambanjati akaima n'kumayang'ana chitseko cha nyumba yanga, ine ndimalowa m'nyumba msanga. Sikuti chitsekocho n'choipa ayi. Ndi cha matabwa a mbawa, chili ndi mahinjesi achitsulo ndi loko wa kiyi weniweni, ndipo m'mudzi muno mulibe china chofanana nacho. Vuto ndi lakuti woyang'ana chitseko sachedwa kufunsa kumene ndinachipeza, ndipo mkazi wanga Esitere akakhala pafupi amayankha ndi iyeyo. Ndiye kusiyana n'kuti mukaimve kwa iye, atathiramo mchere wake, bola ndikuuzeni ndekha.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ndinali mesenjala pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Ntchito yanga inali ya miyendo: kutenga makalata ku ofesi ya bwana, kupita nawo ku boma, kubwerako ndi ena, nthawi zina kufika mpaka ku Kapichi kapena ku Chimaliro. Makalatawo anali a Chingerezi, omatamata, ndipo Chingerezi changa chinkathera pa "yesa bwana". Za m'kati mwake sindinkazidziwa, koma chikwama chachikopa ndi yunifolomu ya khaki zinkachititsa anthu kuganiza kuti ndimadziwa zambiri (ndipo sindikumbuka tsiku limene ndinawatsutsa).

Munthu woyenda wapansi tsiku lonse amafuna choganiza. Anzanga ankaimba nyimbo za ku tchalitchi. Ine ndinagwidwa ndi nthenda ya nyumba. Masiku amenewo anthu ankasamukasamuka. Ena ankapita ku Halale kukafuna ntchito, ena ankathawa thangata n'kukapempha malo kunja kwa esiteti, ena anali atangowoloka kumene kuchokera kwa Apwitikizi. Wochoka ankagulitsa nyumba yake, wobwera ankagula, ndipo ine, amene sindinkachoka kapena kubwera, ndinkangoima pakhomo n'kufunsa kuti, "Imeneyi ndi zingati?"

Ndinafunsa kwa zaka zitatu, ndipo ndinayamba kuona zinthu zimene ena sankaziona. Fodya akagulidwa, nyumba zinkakwera. Nthawi ya msonkho ikayandikira, zinkatsika. Nyumba ya chitseko cha matabwa inkaposa ya chitseko cha bango ndi masheleni angapo, ngakhale denga lake likudontha. Windo limodzi linkawonjezera mtengo, koma lachiwiri silinkawonjezera kwenikweni, ndipo mpaka lero sindidziwa chifukwa chake. Zonsezi ndinkazisunga m'mutu, ndipo aliyense amene wakhala pafupi nane pamaliro kapena paukwati ankazimva, kaya akufuna kaya sakufuna. Ndi mmene dzina langa lenileni linafera. Kuyambira kwa makapitawo mpaka kwa amayi othyola tiyi, ndinali a Zingati.

Esitere yekha ndi amene sankagoma nawo ukatswiri wangawo.

"Inu mumangofunsa kuti zingati, zingati," anatero tsiku lina akusenda nthochi. "Nanga mawu akuti 'bwanji' anakulakwirani chiyani?"

Ndinamuseka. Ndinamuuza kuti mtengo sunama, amanama ndi anthu.

Komatu nthenda yangayo inali ndi muzu wake. Ndinali mkamwini. Tinkakhala m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi, kakang'ono moti ndikatambasula miyendo zala zinkapereka moni kwa nkhuku panja. Chaka chachitatu cha kufunsa kwangako Esitere anali woyembekezera mwana wathu woyamba, ndipo ine ndinalumbira mumtima kuti mwanayo adzabadwira m'nyumba yanga. Atsibweni ake a Esitere, a Nampinga, mkulu wa mpingo, anali atanena kuti adzandilola kumutenga mwana wawo ngati nditawaonetsa nyumba yooneka. M'kachitini kathu munali masheleni makumi atatu, ndiye kuti paundi imodzi ndi theka. Theka lake linali la nthochi zimene Esitere ankagulitsa m'mbali mwa msewu kwa zaka ziwiri.

Nyumba yooneka ndinaipeza mwezi wa Juni, m'mudzi wina wa m'malire a esiteti yathu, kufupi ndi kamtsinje. Inali ya a Muhiwa, kalipentala wophunzira ku mishoni. Zipupa za zidina zopaka njereza, khonde, mawindo awiri a matabwa, ndi chitseko chija. Ndinafunsa funso langa, anati mapaundi atatu. Ndinameza malovu n'kupitiriza ulendo. Poti mudziwo unali pamalo a bwana, wokhalamo ankayenera kugwira thangata, koma ine zimenezo sizikanandikhudza, popeza ndinali wantchito wa bwanayo kale.

Mwezi wotsatira ndinadutsanso. A Muhiwa anati mapaundi awiri ndi theka. Chinandidabwitsa, chifukwa fodya anali atangogulidwa kumene, nthawi imene mitengo imayenera kukwera. Ndinafunsa nyumba yoyandikana nayo, nayonso inali itatsika. Ndinafunsa yachitatu, chimodzimodzi. Mudzi wonse unkagulitsidwa, ndipo unkatsika mtengo ngati nsomba za dzulo.

Kunena zoona, chidwi changa chinaposa ngakhale khumbo la nyumbayo. Ndinayamba kufufuza ngati dokotala. Ndinaganiza za chiswe, ndinagogoda nsichi, zinali zolimba. Ndinaganiza za madzi, ndinakamwa pakasupe, anali ozizira bwino. Ndinaganiza za ufiti, ndinadzera kumanda, kunalibe mitumbira yatsopano. Ndinaonanso zikhomo zoyera zitakhomedwa mumzere wowongoka, kudutsa m'mabwalo a anthu mpaka kumtsinje. Pa chimodzi panamangidwa mbuzi. Ndinayamikira mumtima kuti mudzi uwu ndi waukhondo, ngakhale zikhomo za mbuzi amazipaka njereza. (Mukhoza kuseka. Esitere amaima pamenepa kuti omvera amalize kuseka.)

Ndinafika pa mfundo yakuti anthu a m'mudzimo ankangopikisana, wina akatsitsa mnzake n'kutsitsanso, ndipo wanzeru ndi amene adikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinkadziuza choncho. Ogasiti, mapaundi awiri. Pakati pa Seputembala a Muhiwa anandiitana okha ndikudutsa.

"Amesenjala, masheleni makumi atatu. Kutsika apa ndiye bola ndiitenthe."

Ndinathamangira kunyumba, ndinatenga kachitini kaja Esitere ali kudimba, ndinabwerera thukuta lili kamukamu. A Muhiwa analandira ndalamazo pamaso pa mboni ziwiri, ndipo anandipatsa kiyi.

"Inu a ku ofesi mukudziwa kale mmene zinthu zilili kuno," anatero. "Sindikufunika kukufotokozerani."

Ndinagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu wosunga zinsinsi za boma. Kugwedeza kumeneko ndi kumene kunandidula kwambiri m'moyo wanga wonse.

"Ndiye mudzayamba liti kunyamula?"

"Loweruka."

"Loweruka ndi mochedwatu. Muli nawo anthu okuthandizani kunyamula?"

"Ayi, ine ndi mayi a kunyumba tikwana. Maulendo awiri basi."

A Muhiwa anayang'ana denga, anayang'ana mikono yanga, anayang'ananso denga.

"Mayi ake omwe aja oyembekezera?"

"Iwo adzanyamula zopepuka."

"Maulendo awiri," anabwereza motsitsa mawu. "Koma amesenjala ndinu amphamvu ndithu."

Ndinathokoza. Ine ndinkaganiza za mphasa, mtondo ndi miphika yathu. Sindinafunse kuti iwo ankaganiza za chiyani.

Esitere atamva kuti m'kachitini mulibe kanthu anafunsa kuti, "Anakuuzani chifukwa chimene akugulitsira?" Ndinamuyankha kuti zinthu za mitengo azisiyira ife ozidziwa. Ndinamuonetsa kiyi, ndipo ndinaona kuti nayenso mtima wake wafewa, chifukwa anali asanagwirepo kiyi chibadwire.

Loweruka m'mawa tinanyamuka. Ine kutsogolo ndi mtondo paphewa ndi mphasa kukhwapa, Esitere pambuyo ndi dengu la miphika, a Nampinga kumapeto atavala jekete lawo la ku tchalitchi, kukaona kumene mwana wawo akupita. Titayandikira mudzi uja tinakumana ndi bambo atasenza nsichi. Kenaka amayi atatu ndi mitolo ya udzu wakuda ndi utsi. Kenaka denga lathunthu la nkhokwe likuyenda ndi miyendo isanu ndi itatu. Onse ankachokera kumene ife tinkapita, ndipo onse ankayang'ana mtondo wanga modabwa.

"Akamwini," anatero a Nampinga, "bwanji aliyense akutuluka, ife tokha ndiye tikulowa?"

"Ndi nyengo yake, atsibweni. Nyumba zimatero mwezi uno."

Titakhota pa mtengo wa mango, ndinaima. Mudzi unali wopanda madenga. Zipupa zinali zitangoima pululu, ndipo pakati pake nyumba yanga yokha ndi imene inali yathunthu, yoyera, yokongola kuposa kale. Pa zikhomo za mbuzi zija panali patamangidwa zingwe zazitali, ndipo gulu la antchito linkakumba mayenje motsatira zingwezo. Chingwe chimodzi chinkathera pakhonde langa n'kukayambiranso kuseri kwa nyumba.

Kapitawo wa gululo, munthu amene tinkadziwana bwino, anabwera akupukuta manja.

"A Zingati, mwachedwatu. Lolemba tikugwetsa. Nanga mtondowu ndi wa chiyani?"

"Tikusamukira muno," ndinatero, koma mawu anga anatuluka ngati a mwana.

Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikuseka. Ataona kuti sindikuseka anavula chipewa, ngati wafika pasiwa. Anafotokoza pang'onopang'ono, a Nampinga akumva. Bwana akukuza munda wa tiyi mpaka kumtsinje. Mudzi unauzidwa kalekale kuti uchoke mvula isanagwe. Ndipo pamalo a esiteti zikhomo zikangokhomedwa, munthu akati akugulitsa nyumba amatanthauza zimene zinganyamulike: chitseko, mawindo, nsichi, phaso ndi udzu. Dothi ndi la bwana. Mtengo unkatsika chifukwa masiku ophwasulira ankachepa.

"Mwana aliyense kuno akudziwa zimenezi," anatero kapitawo. "Komanso kalata yake yochokera ku boma munabwera nayo ndinu. Ndinakuonani ndi maso angawa mukuipereka pa ofesi."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa zaka zitatu, phula ndinadyabe.

A Muhiwa anali akadali pomwepo, akumanga zipangizo zawo m'bokosi. Ndinapita kwa iwo ndi ukali wobwereka.

"Munandinamiza."

"Ine?" anatero modekha. "Za kunyamula ndinakufunsani kawiri konse. Munati maulendo awiri. Ndinakauza ngakhale akazi anga kuti ku ofesi kuli chimphona."

Ndalama anali atagulira kale matabwa ndi udzu kumene ankasamukira. Panalibe choti n'kubweza, ndipo panalibe mlandu.

Nditatembenuka ndinaona Esitere atakhala pa mtondo uja, dengu lili pansi, manja atagwira mimba. Sanalire, sanandinyoze. Ankangoyang'ana khonde limene ndinamulonjeza kuti azidzasambitsirapo mwana. Manyazi a pamaso pa antchito aja ndikanawapirira, koma kukhala chete kwakeko kunandilasa mumtima, chifukwa ndinakumbuka madzuwa onse amene anamuwotcha m'mbali mwa msewu ndi nthochi zake.

Patapita nthawi anaimirira.

"Zulani chitseko," anatero. "Nthochi zanga zisatsalire tiyi."

A Muhiwa, munthu wabwino, anatulutsanso zipangizo zawo n'kuchotsa chitsekocho pamodzi ndi mphuthu zake, osathyola kanthu. Ndinachisenza pamutu. A Nampinga anapinda jekete lawo n'kunyamula windo limodzi. Esitere ananyamula zopepuka, monga ndinanenera: kiyi. Madzulo ndinabwerera kukatenga windo linalo, mtondo ndi miphika. Za nsichi ndi udzu ndinati ndidzatenga mawa, koma mawa lake linali Lamulungu, ndipo a Nampinga anati mkamwini wa mkulu wa mpingo sangaphwasule denga tsiku la Sabata. Lolemba ndinali ndi makalata a ku boma. Pobwerera ndinapeza mayenje a tiyi pamene panali chipinda chathu chogona. Choncho anakhaladi maulendo awiri.

Kumudzi chitseko chinakana kulowa pa kanyumba kathu. Chinali chachitali kuposa chipupa. Chinatsamira mtengo wa papaya kwa mlungu wathunthu, anthu akubwera kudzachiona, ena kudzayesa kiyi. Tsiku lina a Nampinga anaima patsogolo pake nthawi yaitali, mapewa awo akugwedezeka ndi kuseka kumene anakusunga chichokere ku mudzi uja.

"Chitseko chotere sichingagone panja," anatero atapuma. "Tengani malo awo kumapeto kwa dimba. Mumange nyumba yolingana nacho."

Anthu amayamba kumanga nyumba kenaka n'kufuna chitseko. Ine ndinaimika chitseko pakati pa thengo n'kumanga nyumba mochizungulira, alamu anga akundithandiza uku akundifunsa mtengo wa nsichi iliyonse. Tinafolera mvula yoyamba ili pafupi, ndipo mwana wathu wamkazi anabadwira kuseri kwa chitseko chimenecho. Nyumbayo ndi yanga, koma dothi lake ndi la kwawo kwa Esitere, moti mpaka lero ndine mkamwini. Kiyi amasunga ndi iye.

Mungaganize kuti ndinachira. Mwezi watha mlendo wina wovala bwino anaima panjira, anachiyang'ana chitsekocho, n'kufunsa Esitere ngati tingagulitse, ndiponso kuti ndi zingati. Ine ndinali nditathawira kale m'nyumba, khutu lili pa thabwa.

"Masheleni makumi atatu," anatero Esitere. "Koma mutenge ndi mwini wake, ameneyo ndi mbasela."

Mlendoyo anaseka n'kumapita. Ine ndinakhala m'nyumbamo mtima ukundiwawa, ndipo Esitere atalowa anaganiza kuti ndakwiya ndi za mbaselazo. Sizinali zimenezo ayi. Mtengo umene anatchulawo ndi wakale. Zitseko za mbawa zakwera chaka chino, ndinafunsa ndekha ku Kapichi.