Achimwene Anga a Laimu ndi Miyala ya Padenga

Achimwene anga ankakhulupirira kuti chinthu chilichonse chimene chaima malo amodzi chikupempha kupakidwa laimu. Mtengo, chitsa, mzati wa magetsi, zonse ankazipaka kuyambira pansi kulekeza m'mawondo, kuti mbee! N'chifukwa chake tauni yonse inkawatchula kuti a Laimu. Koma ndineneretu: amene ali ndi ufulu wowaseka ndine, mlongo wawo wa bere limodzi. Wina akayerekeza, tikumana.

Ntchito ya upenta anali atapuma, koma manja anakana kupuma nawo. M'mawa uliwonse ankatuluka ndowa kumanzere, burashi kumanja, ovolosi itauma gwa ngati chikopa cha ng'ombe. Anthu odikira basi pa siteji ankangopondaponda ngati alumidwa ndi linthumbu, kuopa kuti akaima chilili awapaka nsapato.

Maso atayamba kuchita nkhungu, zinthu zinafika pena. Mayi wina anandandalika maungu ake m'mphepete mwa msewu n'kupita kukamwa madzi. Pobwera anapeza onse ayera.

"A Laimu, ndakulakwirani chiyani ine? Awa ndi maungu!"

Achimwene anawerama n'kugogoda limodzi ndi chala.

"Ndiye ndimadabwatu kuti miyala yosalala chonchi yachokera kuti. Pepani mayi, koma musade nkhawa, m'kati sindinafikemo."

Maunguwo anatha tsiku lomwelo, ogula akuti ndi mbewu yatsopano.

Tsono nkhani yeniyeni ndi ya siteji. Mwana wanga wamkazi ali ndi kanyumba kogulitsira tiyi pomwe mabasi amaima. Mwamuna wake anatisiya, ndipo adzukulu anga, onse anzeru ngati agogo awo, amadya ndi kuphunzira chifukwa cha apaulendo amene amatsika kudzamwa tiyi. Ndiye tsiku lina kunabwera bwana wa kukhonsolo, nsapato zikunyezimira, n'kuponda m'ngalande yodzaza zinyalala mpaka m'kakolo. Anazula phazi, analiyang'anitsitsa, n'kulengeza kuti mabasi sangamaime m'tauni yauve chonchi. Siteji aisamutsira ku mphambano, kumsewu waukulu. Anati abweranso mwezi ukamatha kudzaona komaliza.

Mwana wanga anafika kwathu maso ali psuu.

"Amayi, basi ikasiya kuima, tiyi ndizimwetsa ndani? Mbuzi?"

"Pukuta misozi," ndinatero. "Uli ndi amalume."

Achimwene anayenda khomo ndi khomo akumenya ndowa ndi burashi, mpaka anthu anasonkhana, ambiri pofuna kuti phokosolo lithe. Ntchito inagawidwa pomwepo. Amayi a mumsika anatenga matsache. Ometa tsitsi analowa m'ngalande. Kalipentala anakonza mabenchi a pa siteji, telala n'kusoka masaka otayamo zinyalala. Zimene zinatuluka m'ngalandemo, abale inu! Nsapato za phazi limodzilimodzi, chishalo cha njinga, ndi ambulera imene telala ankanamizira mlamu wake kuti anaiba.

Tauni inayera, koma achimwene sanakhutire.

"Msewu wopanda miyala yoyera m'mbali uli ngati m'kamwa mopanda mano," anatero. "Ndikufuna miyala kuchokera pa mlatho mpaka pa siteji, uku ndi uku."

Vuto n'lakuti kwathu kuno ndi mchenga wokhawokha. Mwala umachita kusungidwa ngati mbale ya alendo. Anafunafuna, ayi ndithu. Kenako tsiku lina anakweza maso kumwamba n'kuima ngati waona mngelo. Nyumba zathu zambiri malata ake sitinkakhoma mokwanira. Tinkangowatsindira ndi miyala ikuluikulu.

"Taonani!" anakuwa. "Ife tikuvutika pansi, miyala ikuwothera dzuwa padenga ngati abuluzi!"

Kalipentala yekha ndi amene anapukusa mutu.

"Madala, miyala imeneyo ili pa ntchito. Mphepo ikabwera?"

"Mphepo ndi ya mwezi wamawa. Bwana akangotembenuka, tibweza."

"Mwapangana nayo mphepoyo?"

"Iwe, ine ndakhala ndikukwera madenga usanamere mano. Mphepo ndimaidziwa ndi kununkhiza."

Anthu anayamba kung'ung'udza, ndipo ine sindikanalola kuti mbale wanga achititsidwe manyazi pagulu ndi munthu woti pensulo amasunga kukhutu. Ndinati ayambire denga langa, kenako la mwana wanga. Ena onse anatsatira ngati nkhosa. Miyala inatsika, inatsukidwa, inapakidwa, inandandalikidwa ndi chingwe. Kunena zoona, msewu unakongola moti ngakhale agalu ankayenda mwaulemu.

Tsiku la bwana kunacha bwinobwino, tsamba osagwedezeka. Tonse tinatchena n'kuima pa siteji. Galimoto itangotulukira pa mlatho, ndinamva kamphepo kakundinyambita m'khosi. Kenako denga la telala linati phaa! La ometa tsitsi linayankha kuti phaa! Posakhalitsa tauni yonse inali kuwomba m'manja ndi malata.

"Mwainunkhiza, madala?" anafunsa kalipentala.

Achimwene anakwera pabenchi n'kukuwa: "Aliyense padenga pake! Musaiwale tsache!"

"Tsache la chiyani, achimwene?"

"Chemwali, kwera, mafunso pambuyo!"

Ine, mayi wa zidzukulu, mawondo olira ngati chitseko chakale, ndinakwera makwerero n'kukhala pakati pa denga la kanyumba ka tiyi ka mwana wanga. Anthu akhala akundinena za thupi langali kuyambira ndili mtsikana, koma tsiku limenelo lata limene ndinakhalira silinayerekeze n'komwe kusuntha. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, koma za kulikhalira sananenepo kanthu. Nditayang'ana uku ndi uku, ndinaona tauni yonse ili m'mwamba: ometa tsitsi atagona chafufumimba, amayi a mumsika atagwira nsalu ndi dzanja limodzi, tsache ku dzanja linalo.

Bwana anatsika m'galimoto. Anayang'ana ngalande, anayang'ana miyala, kenako anakweza mutu.

"Bambo, anthuwa akutani kumwambako?"

"Akusesa, bwana," anatero achimwene, nkhope ili phee. "Ife kuno timayambira kumwamba. Fumbi likagwa pansi, ndiye timasesa pansi. Kusesa pansi pokha n'kudzinamiza."

"Nanga amayi awo bwanji angokhala?"

"Amenewo ndi oyang'anira."

Asanatseke pakamwa, lata limodzi la telala linanyamuka, linadutsa pamwamba pa galimoto ngati khwangwala, n'kukatera kuseri kwa msika.

"Nanga ilo?"

"Latopa, bwana. Tinagwirizana kuti lipite."

Bwanayo sanali chitsiru. Anatola mwala umodzi wa m'mphepete mwa msewu, anautembenuza, n'kupeza dzimbiri la malata kunsi kwake, kumene burashi sinafike. Anauyang'ana mwalawo, anandiyang'ana ine, kenako anayamba kuseka mpaka anatsamira galimoto. Ine sindinaseke nawo, chifukwa kuseka kwa bwana sudziwa kumene kukathere. Analowa m'kanyumba ka mwana wanga n'kuitanitsa tiyi. Ine ndili pamwamba pa mutu wake, ndikumva supuni ikulira m'kapu, ndikupemphera kuti mtanda wa denga usandipereke.

Atatuluka anapukuta pakamwa.

"Ndayenda matauni ambiri," anatero, "koma sindinaonepo anthu okwera padenga chifukwa cha siteji. Siteji ikhala. Koma miyalayi isabwererenso kumwamba. Khomani malata anu ngati anthu. Ndipo wina awatsitse amayiwo."

Kunditsitsa kunafuna amuna angapo ndi mapemphero. Mwana wanga anakumbatira amalume ake mpaka diresi yake ya ku tchalitchi inayera ndi laimu.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tinkakhoma denga limodzi, nyumba ndi nyumba, kalipentala akutsogolera, achimwene ali pansi akuloza misomali yopindika imene maso awo sakanatha n'komwe kuiona. Madenga atatha, chizolowezi cha Loweruka sichinathe. Mpaka lero timasesa, timachotsa za m'ngalande, tinabzalanso maluwa pa siteji.

Achimwene anatisiya chaka chatha, nyengo yozizira. Anadwala pang'ono chabe, osavutitsa munthu. Tsiku la maliro madalaivala anaimitsa mabasi, apaulendo osawadziwa n'komwe anatsika n'kuvula zipewa.

Mabasi akuimabe, tiyi akugulidwa, ndipo mdzukulu wanga wamkulu ali ku koleji. Koma m'mawa kumakhala zii. Timasesa bwinobwino, mwadongosolo, popanda wotikalipira, ndipo ntchito imatha msanga moti timasowa chokambirana pobwerera.

Mvula itakokolola laimu chaka chino, miyala inakhala yotuwa kwa nthawi, aliyense akudikira mnzake. Loweruka lapitali ndinapeza kalipentala atagwada m'mphepete mwa msewu, akupaka yekhayekha, laimu akuyenderera mpaka m'zigongono.

"Mwachulutsa madzi," ndinamuuza. "Ndipo mzere wanu wakhota."

"Ndikudziwa, mayi," anatero osadzutsa mutu. "Ndimangoyembekeza kuti wina andikalipire."

Ndinaika dengu langa pansi, n'kumukalipira mpaka tinafika pa mlatho.