Mbatata za apongozi m'makina a kuwala

Inu, basi ya ku Thamesmead siibwera msanga, sendererani kuno mumve m'mene apongozi anga, a Harrison, anatsala pang'ono kundithetsera ntchito ndi viza yomwe.

Ine Maurice ndimasamalira sinkirotironi ya pansi pa yunivesite ina. Ndi paipi yozungulira, m'kati mwake tizinthu tamagetsi timathamanga, tikamakhota n'kumatulutsa kuwala kounikira zosaoneka ndi maso. Yathu ndi yamphamvu zochepa, koma kwa apongozi ndinkaikuza ngati dzuwa ndimaliyatsa ndine.

Titaika mapaipi atsopano, tinawakulunga ndi foyilo, chipepala chonyezimira chija, n'kuyamba kuwatenthetsa kuti chinyezi chithe m'kati. Kuwala kunali kozima, alendo ankaloledwa. Ine ndi matama angawa, ndinaitana apongozi. Anatulukira ndi jumbo ya ku msika wa Lewisham. Mudziwe kuti kwawo uvuni amayatsa pa Khirisimasi pokha.

"Mkamwini, kutentha konseku bill amalipira ndani?"

"Yunivesite, bambo."

"Usiku ndi usana? Popanda chophika?"

"Ndi science, bambo."

Anapukusa mutu ngati amva za maliro. Ine foni inalira, ndinapatuka pang'ono. Nditabwerera anali akutsanzika ndi nkhope yowala, ine n'kumati agoma nane.

Dzuwa likupendeka, fungo! Azungu anzathu balalabalala, wina akuti waya akupsa, wina akuti tizimitse zonse tiyambirenso. Kuyambiranso ndiye kuti ofufuza odikira kuwala adikirebe, ndipo funso loyamba likhala lakuti analowetsa mlendo ndani.

Bwana wathu Petronella, mayi wa ku Lusaka, ananunkhiza kamodzi basi.

"Iwe Maurice," anandinong'oneza, "aba bazungu sibaziba. Iyi si cable. Ni kandolo."

Kandolo ndi mbatata m'chiyankhulo cha kwawo. Anatumiza onse kukafufuza mawaya mbali ina, ife tinakwawa kunsi kwa maginito a makinawo. Foyilo paliponse! Tinkafinya chotupa chilichonse mpaka tinapeza mbatata zokulungidwa bwinobwino, zitagona pa paipi ngati zinabwera ndi makinawo. Ndikanatani? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

"Mu bin bazaona," anatero Petronella. "Idya."

Tinadya umboni uli wamoto, titanjuta, misozi ili chuchuchu. Lilime langa mpaka lero silimva mchere. Azungu anayamikira kuti fungo latha lokha, ndipo Petronella analamula kuti mlendo wanga asadzapondenso pamenepo.

Imodzi ndinaibisa m'thumba, ulemu wa apongozi. Nditawapatsa madzulo, anaibenthula, anaiyang'anitsitsa, n'kuusa moyo.

"Zinazo?"

"Zinatsala ku research, bambo."

"Hm. Iyinso yapsa mbali imodzi. Mkamwini, mwati makinawo mwangowakonza kumene? Akuberani. Mawa ndibweretsa chinangwa, tiwayesenso."