Siteji Yopanda Mtsetse

Lolemba

Zatheka! Siteji ikusamuka. Andinong'oneza ndi akhansala eniake m'mawa uno, akumwa tiyi pakhonde langa, kapena ndinene kuti pakhonde la sitolo ya a Twaibu pomwe ndimagulitsira tiyi ndi masikono. Akuti khonsolo yagamula kuti kuyambira Lachitatu matola onse azikwezera anthu kuseri kwa bwalo la mpira. Pamsika pano akuti timatseka msewu. Akuti ndisauze munthu. Tiyi uja sanalipire, koma munthu wakupatsa nkhani yotere sungamutsatire za kapu imodzi.

Amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Ine ndiyamba ndekha. Anzanga akamadzuka, adzapeza ndakhazikika kale.

Zofunika:
mitengo (ilipo, ya khola lakale la mbuzi)
mabenchi (alipo)
ketulo ndi mbaula (zilipo)
denga (palibe!)

Denga ndalipeza madzulo. Chigafa chathu cha fodya tinachifolera ndi udzu wochepa chaka chino, ndiye pamwamba tinayalapo pulasitiki wakuda. Ndikuti chathu, koma munda ndi wa apongozi, ine ndine mkamwini. M'kati ndawala za masamba osokedwa zadzaza mikangala yonse yopachikapo, fodya wayamba kufiira mokongola. Chaka chathu chonse chili m'menemo, fizi ya Chisomo ndi feteleza wa chaka chamawa. Koma kuli ng'amba. Kumwamba kuli mbee, ngakhale kamtambo kongonamizira.

Nabanda, mkazi wanga, wandipeza ndikupinda pulasitiki. "Bambo a Chisomo, amayi mwawauza?" Ndati ndiwauza. Koma kodi mkamwini wamwambo amalankhula ndi apongozi ake maso ndi maso? Ndikungosunga ulemu. Ndibweza Loweruka, ndikagula malata.

Lachiwiri

Ndatsanzika a Twaibu. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi nati, "Achimwene, khalani kaye muone." Ndaseka. Anthu ena adzafera pomwe anabadwira.

Nachisale, mayi wa mandasi amene amakhala padzuwa pafupi ndi chigayo, wafunsa ngati khonde latsala lopanda munthu. Ndamuuza kuti tengani, mayi, ndi ntchentche zake zomwe. Wathokoza mogwada. Ndinamva chisoni pang'ono, chifukwa mawa pamenepo padzakhala pali zii.

Siteji yatsopano ndi yabwino zedi. Giledala inapala bwinobwino, pali see ngati mphasa. Pali:
chikwangwani chachikulu cha utoto wonunkhabe
chimbudzi chimodzi (chitseko akuti chili mu bajeti ina)
mchenga
ine

Mtengo wa mthunzi palibe, anadula onse. Zimenezo n'zabwino: wofuna mthunzi adzabwera kwa ine, ndipo mthunzi wanga ngwa ogula tiyi okha.

Ndazika mitengo, ndakhomera pulasitiki ndi misomali yodutsitsa m'zitsekerero za mabotolo kuti mphepo isamuzule. Ndakhoma molimba kwambiri. Ntchito ya mwamuna! Dzina ndalemba ndi choko pa thabwa: WOYAMBA TIRUMU.

Kunyumba apongozi aima nthawi yaitali akuyang'ana denga la chigafa. Ine ndadutsa kuseri kwa nkhokwe, mwaulemu.

Lachitatu

Tsiku lalikulu! Akhansala abwera atavala tayi. Alankhula za chitukuko mpaka ana asukulu oimba aja ayamba kukhala pansi. Adula kansalu. Alonda a khonsolo athamangitsa galimoto zonse pamsika ndi mawezulo, zabwera mondondozana ngati zikuperekeza maliro. Zaima pamzere, zazimitsa injini.

Tiyi wayenda! Masikono atha dzuwa lisanafike pamutu. Akhansala amwanso. Ndayamba kuwerengera malata mumtima.

Kenaka pikapu ya Jailosi, yopita ku Chamama, yadzaza. Amayi, matumba a ufa, njinga, nkhuku, zonse zakhazikika. Jailosi wapotoza kiyi. Kwe. Wapotozanso. Kwe. Watulutsa mutu pawindo, wayang'ana kutsogolo, wayang'ana kumbuyo, nafunsa kuti, "Kodi mtsetse uli kuti?"

Zaka zonsezi ndakhala ndikuona ndi maso angawa, osaganizapo. Kuno kwathu dziko ndi lathyathyathya kuchokera pano mpaka komwe maso alekezera. Kamtsetse kamodzi kokha kali pamsika, kuchokera pakhonde la a Twaibu kutsikira kuchigayo. Matola athu mabatire anafa kalekale, masitata ena anachita kugulitsidwa. Dalaivala amangoimika pamwamba, kondakitala n'kuika mwala kutayala. Ikadzaza, kuchotsa mwala, galimoto n'kuyamba kutsetsereka yokha, n'kulira isanafike pachigayo. Siteji inakhala pamenepo osati chifukwa cha tiyi wanga. Zimenezi zandipweteka.

Onse tsikani! Onse kankhani! Matayala akumira mumchenga. Makasitomala anga asiya makapu atatheka, athamangira kokankha, ndipo galimoto italira adumphiramo osabwerera. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu ndakankha nawo, chifukwa munali amayi okhaokha ndipo onse amayang'ana ine.

Akhansala anali atapita kale. Galimoto yawo imalira ndi kiyi.

Msana ukupweteka. Koma ndi tsiku loyamba.

Lachinayi

Anthu a kuno ndi ochenjera moipa. Aona kuti wokwerera pasiteji yatsopano amakankha. Ndiye onse akukadikirira pamsika, pamalo akale, kuti galimoto iwapeze italira kale. Lamulo likuti galimoto isaime pamsika. Siikuima. Ikungoyenda pang'onopang'ono, anthu n'kumadumphiramo, ndi agogo omwe.

Podikirapo akumwa tiyi. Kwa Nachisale! Wabwereka ketulo kutchalitchi. Akuti tiyi wake ndi wamadzi, koma akumwa.

Kuno kuli madalaivala, makondakitala, ndi ine. Ena aganiza zosazimitsa injini, ndiye utsi wonse ukulowa mwa ine, masikono akununkha dizilo. Mafuta akawathera mtima, akuzimitsa, kenaka kuitana: "Atirumu, tabwerani mugwire pang'ono!" Ndagwira pang'ono tsiku lonse.

Zomwe ndapeza lero:
matuza m'manja
mpweya wa ekizozi m'chifuwa
dzina latsopano (akunditcha Batire)
kasitomala mmodzi, wamisala wa pamsika, amene wabwera kudzaona ngati n'zoona

Chakumadzulo kum'mawa kwayamba kuda. Mphepo yasintha. Nabanda wabwera yekha ndi phazi, wandiimirira pakhomo osalowa. "Pulasitiki uja abwere lero. Nyerere zayamba kusamutsa mazira." Ndamuuza kuti mawa khonsolo ikumana pa nkhani ya siteji, ndipo akhansala anditsimikizira kuti alonda awonjezeredwa, anthu onse abwera kuno mokakamiza. Tsiku limodzi lokha. Kodi ndifumule denga usiku woti mawa zikoma?

Wandiyang'ana ngati mmene amayang'anira nkhuku yodwala chitopa, nabwerera.

Lachisanu

Komiti ya khonsolo yakumana m'kalasi ya kupulayimale. Ine ndaima pawindo ndi anthu ena. Ayamba ndi pemphero, kenaka nkhani ya alawansi, kenaka zakumwa zachedwa. Nkhani yathu yafika dzuwa litapendeka.

Wina wati madalaivala agule mabatire. Jailosi wayankha ali kunja kuti, "Mutigulire, mabwana," anthu aseka, nkhaniyo yathera pomwepo. Wina wati siteji ibwerere. Akhansala akana kwamtuwagalu, akuti chikwangwani chinalipiridwa kale ndipo chitukuko sichibwerera m'mbuyo.

Chigamulo: khonsolo IMANGA MTSETSE pasiteji yatsopano. Adzathira dothi. Ndalama zake zidzalowa mu bajeti ya chaka chamawa. Pakadali pano, mongoyembekezera, galimoto zibwerere pamsika.

Aomba m'manja. Pomwepo dontho loyamba landigwera pakhosi.

Ndathamanga. Mayo ine, ndathamanga! Ndafika patirumu mvula itayamba kale kukhuthuka. Ndakoka pulasitiki, akukana. Misomali ija! Ntchito ya mwamuna ija! Ndakoka ndi mphamvu zonse, wang'ambika pakati, mbali zonse zatsala ndi mabowo. Galimoto yondithamangitsira kumudzi palibe, zonse zabwerera pamsika ngakhale inki ya chigamulo isanaume. Ndauyamba wapansi, pulasitiki ali kumutu.

Kunyumba ndapeza Nabanda ali pamwamba pa chigafa akuyala mphasa, zitenje, ndi bulangete lathu. Apongozi ali m'kati ndi mabeseni. Madzi akutsika ndi ndawala, akudontha ofiira ngati tiyi. Onse anyowa mpaka mafupa. Ine ndekha mutu wanga ndi wouma.

Apongozi sanandiyang'ane. Alankhula ndi galu. "Suntha iwe, eni mudzi afika ndi ambulera yawo."

Mvula sinakate mpaka kuda. Mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndavumbwitsa anthu ena.

Loweruka

Kwacha ndi mvula yamawawa. Dzuwa palibe. Fodya wada, masamba akumatirirana, ukagwira akutsalira m'manja. Fungo lake ndi lomwe mlimi aliyense amaliopa. Tatsitsa ndawala tonse, kusankha zomwe zingapulumuke. Mulu wa zabwino Chisomo akhoza kuunyamula ndi dzanja limodzi. Venda wina wa fodya anadutsa pa njinga yamoto, ananunkhiza ali pamsewu, sanazimitse n'komwe injini.

Nabanda sakulira. Ndikanakonda akanalira.

Masana ndapita kwa a Twaibu kukapempha khonde. Ndinakonza mawu abwino m'njira. Ndapeza Nachisale wayala nsalu yamaluwa patebulo, anthu ali pamzere. A Twaibu ati, "Achimwene, munapereka nokha, ndi ntchentche zomwe." Alibe njiru, angokumbukira.

Ndabwerera kusiteji yatsopano kukatenga mabenchi. Ndapeza mlonda wa khonsolo akundidikira. Akufuna chiphaso cha msika cha sabata yonse, pakuti m'mabuku mwawo wamalonda wa pasiteji yovomerezeka ndi ine ndekha. Wandiuzanso mokoma mtima kuti ndichotse mitengo yanga msanga, chifukwa pomwe ndamangapa m'pomwe padzathiridwe dothi la mtsetse. Mabenchi ndawasiya pomwepo.

Ndakumana ndi akhansala pachigayo. Andigwira dzanja ndi manja awiri. "Anthu ngati inu ndi amene mukumvetsa masomphenya." Afunsa ngati tiyi alipo.

Pofika kunyumba ndapeza njinga ziwiri zotsamira pa mtengo wa mango. Ina ndi ya atsibweni ake a Nabanda. Ina ndi ya ankhoswe anga. Palibe amene anandiuza kuti aitanidwa.

Lamulungu

Kutchalitchi sitinapite. Mlandu unali waufupi kuposa wa khonsolo, ndipo panalibe zakumwa. Atsibweni ati sakundithamangitsa ayi. Ati ndikapume kaye kwathu ku Chisemphere, mitima izizire, adzandiitana. Liti, sananene. Mwina nazonso zili mu bajeti ya chaka chamawa.

Ankhoswe anga, amene ndimayembekeza kuti andilankhulira, angoti, "Fodya tamuona." Kenaka anayamba kuyang'ana zala zawo.

Chikwama wandilongedzera Nabanda. Sanandiperekeze. Chisomo anafuna kunditsatira, agogo ake amugwira dzanja. Pamenepo ndi pomwe ndinalephera kuyang'ana m'mbuyo. Zikundiwawa, ndipo palibe woti ndimudandaulire, chifukwa aliyense amene ndingamuuze anandichenjeza kale.

Miyendo yanditengera kusiteji yatsopano mwachizolowezi. Mitengo yanga ili chiimire. Pa benchi pagona mbuzi. Chikwangwani chikuwala bwino mvula itachitsuka. Ndaima pamenepo kanthawi, munthu yekhayo m'dera lonse lino amene anamvera khonsolo. Kenaka ndanyamula chikwama, ulendo wa pamsika.

Nachisale wandipatsa tiyi waulere. Ndi wamadzi ndithu. Ndamwa.

Jailosi lero akupita ku Boma. Wakana ndalama yanga, wati, "A Batire, inu mwalipira kale ndi msana." Ndakhala kumbuyo pa thumba la mtedza. Kondakitala wachotsa mwala. Galimoto yatsetsereka yokha, mosavuta, mopanda wokankha, ndipo yalira tisanafike pachigayo.

Tangodutsa minda ya fodya wa anthu ena, mvula yayambanso. Ndatsegula chikwama kuti nditenge jekete. Jekete mulibe. Pamwamba penipeni Nabanda waikapo pulasitiki uja, wopindidwa bwinobwino. Sindikudziwa ngati n'chisoni kapena ndi mawu ake otsiriza.

Tamutambasula, tafunda tonse a kumbuyo kuno. Mayi wina wati Mulungu andidalitse, ndine bambo woganiza patali.

Pulasitikiyo akudontha.